Mafilimu akale: nyimbo zake zoyamba kapena zopekedwa mwatsopano?

Mukamafuna Metropolis, filimu yosalankhula ya Fritz Lang, ya mu 1927, mudzaipeza m'mitundu iwiri yosiyana kwambiri. Mtundu wina uli ndi nyimbo za Gottfried Huppertz, zomwe gulu la oimba linaimba m'holo filimuyi ikuonetsedwa koyamba ku Berlin. Winawo ndi wa Giorgio Moroder wa mu 1984, wofupikitsidwa, wopakidwa utoto, momwe mukumveka oimba Freddie Mercury ndi Bonnie Tyler.

Ine ndili kwa Huppertz, ndipo si chifukwa chongokonda zakale ayi. Iye ankapeka filimuyo ili mkati mojambulidwa, n'chifukwa chake nyimbo ndi zithunzi zimayendera limodzi. Antchito akamapita pansi pa nthaka, mitu ili chozyolika, nyimbo nayo imalemera, imakoka mapazi pamodzi nawo. Pamapepala ake analembaponso zomwe zikuchitika pa kanema nthawi iliyonse, moti zidutswa za filimuyi zomwe zinasowa zitapezeka ku Buenos Aires, ku Argentina, mu 2008, okonza anadalira mapepala omwewo pobwezera chilichonse pamalo pake. Moroder timuthokoze pokopa achinyamata a nthawi yake, koma nyimbo zokhala ndi mawu zimakuuza zoti umve maso asanaone okha. Chodabwitsa, lero zake ndi zomwe zimamveka zachikale kuposa za mu 1927.

Komatu si filimu iliyonse ili ndi mwayi wa Metropolis. Zambiri zomwe Hans Erdmann anapekera Nosferatu ya mu 1922 zinatayika, ndiye zomwe mumamva zikutchedwa "zoyamba" ndi zolumikizalumikiza. Pamenepo wopeka watsopano salanda malo a munthu. Nyimbo ya Voices of Light ya Richard Einhorn, ya mu 1994, imagwirizana ndi nkhope ya Falconetti, yemwe anasewera ngati Joan mu filimu ya The Passion of Joan of Arc, mpaka umaiwala kuti inabwera patapita zaka 66.

Pomwe sindigwirizana nazo m'pang'ono pomwe ndi pa Dracula ya mu 1931. Iyi ndi filimu yolankhula, ndipo mantha ake ali m'malo momwe muli zii. Philip Glass anaipekera nyimbo zomwe gulu la oimba la Kronos Quartet linaimba mu 1999, zokoma ndithu ukamazimvera pazokha, koma mufilimumo zimalimbana ndi mawu a Bela Lugosi, yemwe anasewera ngati Dracula. Ngati DVD yanu ili ndi zonse ziwiri, yambani mwaonera yopanda Glass.