Kiliniki ya shuga imene inayamba yaona impso isanalembe mankhwala

Mayi anga akhala akumwa mankhwala a shuga otchedwa metformin ndi glibenclamide kwa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo nthawi yonseyi palibe anawayezapo impso. Mwezi uliwonse ankangolandira mapiritsi omwewo, m'buku lawo la kuchipatala mukulembedwa zomwezomwezo. Chinatipititsa ku kiliniki ya shuga ya pachipatala china cha mishoni n'chakuti kawiri konse tinawapeza m'mamawa thukuta lili kamukamu, akunjenjemera, osamuzindikira ngakhale mdzukulu wawo, mpaka titawamwetsa tiyi wothira shuga wambiri.

Chimene ndikuyamikira kwambiri n'chakuti adokotala sanathamangire kulemba mankhwala. Anayamba awatumiza ku labu kukayezetsa creatinine m'magazi (chonyansa chimene impso zimayenera kuchotsa m'thupi) ndi mapuloteni mumkodzo, kenaka anawerengetsera eGFR, nambala yosonyeza mmene impso zikusefera magazi, ndipo inapezeka kuti ndi 38. Anatifotokozera mofatsa kuti glibenclamide akagayika m'thupi, zotsalira zake zimapitirizabe kutsitsa shuga ndipo zimatulukira ku impso, kotero impso zikafooka zotsalirazo zimaunjikana, shuga n'kutsika kwa maola ambiri, makamaka kwa munthu wachikulire amene wagona osadya mokwanira. Apa m'pamene ndinamvetsa zimene zinkawachitikira mayi m'mamawa muja, ndipo mtima unandipweteka pokumbukira kuti ndinali ine wowakumbutsa kumwa mapiritsiwo. Glibenclamide anamusiyitsa tsiku lomwelo n'kuika mankhwala ena a shuga otchedwa gliclazide pa mlingo wochepa, popeza iyeyu amaphwanyidwa kwambiri ndi chiwindi.

Metformin sanamuchotse, koma anamuchepetsa. Anati eGFR ikakhala pakati pa 30 ndi 45 munthu asapitirire 1,000 mg patsiku, ndipo ikatsika kupyola 30 mankhwalawa amasiyidwa, chifukwa akachuluka m'thupi angathe kuyambitsa vuto loopsa la asidi m'magazi.

Anamwino nawo anagwira ntchito yawo bwino. Anatenga buku lija n'kulemba pachikuto ndi zilembo zikuluzikulu kuti impso n'zofooka, kenaka anagwada pafupi ndi mpando n'kunena kuti, "Agogo, mukatsegula m'mimba kapena kusanza, yambani mwasiya metformin ndipo mubwere kuno. Maondo akamapweteka imwani panado, osati diclofenac kapena brufen."

Zovuta zilipo. Tinafika isanakwane 7 koloko m'mawa koma tinachoka dzuwa litapendeka, kuyeza magazi kunali kolipira, ndipo gliclazide kunalibe ku famase yawo, moti tinakamugula m'tauni. Adokotala anatchulanso dapagliflozin, amene amathandiza kuteteza impso, koma mtengo wake sitingaukwanitse mwezi ndi mwezi. Ngakhale zili choncho, aliyense amene ali ndi kholo lodwala shuga ndingamulimbikitse kupita kumalo kumene amayeza impso chonchi. Papita masabata asanu ndi limodzi mayi osadzukanso akunjenjemera, ndipo atiuza kuti tikabwerenso pakatha miyezi itatu kuti akayezenso creatinine.