Mizere yonyezimira ndi marifulekita apamsewu pa mvula ya ku Kasungu

Makampani ojambula mizere pamsewu amakonda kuonetsa ntchito yawo masana, dzuwa likuswa mtengo, pamene mzere uliwonse woyera umakongola pa phula lakuda. Koma mzere wapamsewu umayesedwa usiku mvula ikugwa, ndipo ndemanga iyi ndailemba poona mmene ntchito ya kampani ina ya ku Lilongwe yapiririra dzinja lathunthu pa nyumba yosungiramo feteleza ndi mbewu imene ndimayang'anira kufupi ndi tauni ya Kasungu. Msewu wa M1 sitinaukhudze ayi, popeza umenewo ndi wa boma ndipo uli m'manja mwa a Roads Authority. Ife tinajambulitsa kamsewu kathu kaphula kochoka pageti kukafika potsitsira katundu, kamene kali ndi ngalande yakuya mbali imodzi komanso pokhota pamodzi pamene mathiraki odzaza feteleza amavutikapo, makamaka kuyambira Novembala mpaka Januwale pomwe ambiri amafika kutada.

Anatiikira zinthu zitatu: mizere yosalala ya thermoplastic (utoto wokhuthala umene amauthira atausungunula ndi moto), mzere wa timizeremizere totukuka pokhota paja, ndi marifulekita omata pa phula amene ambiri amawatchula kuti cat's eye.

Pa kagwiridwe ka ntchito ndilibe dandaulo lalikulu. Anabwera mu Okutobala phula lili louma, ndipo anakana kuyamba asanasese fumbi lonse, zomwe zinandipatsa chikhulupiriro, chifukwa thermoplastic ikathiridwa pa fumbi kapena pa chinyezi imafufuma n'kumakanganuka mvula yoyamba ikangogwa. Amaisungunula mumphika wachitsulo mpaka itatentha pafupifupi madigiri 200, kenako amaithira ndi kamakina kokankha ndi manja, ndipo kumbuyo kwa kamakinako kumagwa timikanda tagalasi tating'ono ngati shuga, timene timamira pang'ono mu utoto ukadali wotentha. Patangopita mphindi zochepa galimoto imatha kupondapo. Ndinagwada n'kupapasa mzerewo ndi chala utazizira, ndipo unali wokhakhala bwino, kusonyeza kuti timikandato sitinamire tonse komanso sitinangokhala pamwamba. Kamkanda kamayenera kumira kupitirira theka pang'ono: kakamira konse kuwala sikukafikira, kakangotsamira pamwamba tayala loyamba limakachotsa.

Usiku wopanda mvula mizere yosalalayi imaoneka patali ndithu. Kuwala kwa nyali za galimoto kumalowa mu kamkanda, kumapindika, kumagunda utoto woyera kumbuyo kwake, n'kubwerera kumene kwachokera, ndiye kuti m'maso mwa dalaivala. N'chifukwa chake mlonda amene waima pambali amaona mzere wozimirira pamene woyendetsa galimoto akuuona ukuwala.

Mvula yamphamvu ikagwa, mizere yomweyi imasowa, ndipo apa m'pamene ndikufuna wogula aliyense amvetse bwino asanatulutse ndalama. Vuto si utoto wachinyengo. Kamkanda kagalasi kamagwira ntchito chifukwa kuwala kumapindika kwambiri pochoka mumpweya kulowa mugalasi. Akatswiri amayeza mphamvu yopinda kuwala imeneyi, ndipo ya mpweya ndi 1, ya madzi ndi 1.33, pamene ya galasi wamba wa timikandati ndi pafupifupi 1.5. Madzi akaphimba kamkanda, kusiyana kwa madzi ndi galasi kumachepa moti kuwala sikupindikanso mokwanira kuti kubwerere. Kuwonjezera apo, pamwamba pa madzi pamaponya kuwala kutsogolo, kotero kuti nyali zanu zimathobwa m'maso woyendetsa galimoto imene mukukumana nayo m'malo mokuonetsani mzere. Ilipo mitundu ina ya timikanda, tokulirapo kapena topangidwa mwapadera kuti tizinyezimira ngakhale tili m'madzi, koma wogulitsa wa kampaniyi sanatitchulire n'komwe, ndiponso sanatiuze kuti mzere wosalala udzagonja pa mvula. Anangotsimikiza kuti umanyezimira, zomwe ndi zoona, koma ndi theka chabe la nkhani. Kwa munthu wogulitsa katundu wotere m'dziko limene mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, kubisa theka linalo ndi cholakwa chimene sindingachichepetse.

Mzere wotukuka wa pokhota unachita bwino kuposa pamenepo. Madzi amatsetsereka n'kutsika pakati pa timizeremizere tija, nsonga zake n'kutsala pamwamba pa madzi zikunyezimira, ndipo tayala likapondapo limalira mwakuti dalaivala amadziwa kuti wayandikira ngalande ngakhale asanaone kanthu. Kuipa kwake n'kwakuti mipata yomweyo imasunga mchenga ndi matope amene mathiraki amabwera nawo kuchokera m'misewu yafumbi ya kumidzi, ndipo mukalekerera sabata imodzi osasesa, mzere wonse umasanduka wofiirira.

Chimene chatipulumutsa kwenikweni ndi marifulekita. Nzeru yake si yatsopano, popeza Percy Shaw wa ku Halifax, ku England, analembetsa luso limeneli mu 1934, ndipo ake anali ndi mphira umene unkatsika tayala likaponda n'kupukuta magalasi ndi madzi amvula omwe anadikha m'katimo. Athuwa ndi apulasitiki, omata ndi guluu, ndipo sadzipukuta okha, koma chifukwa chakuti amatukuka pamwamba pa phula, madzi oyenda sawamiza, ndipo usiku wa mvula yamkuntho ndi okhawo amene amaoneka, atandandalika mpaka pokhota. Kampaniyi inatsata mitundu imene madalaivala anaizolowera m'misewu ya maiko a SADC, achikasu m'mphepete ndi oyera pakati, ndipo zimenezi n'zofunika kwa ife chifukwa ena mwa otibweretsera katundu amachokera ku Mozambique ndi ku Zambia. Dalaivala wina wachikulire, amene kale ankaima pageti n'kupempha mlonda kuti amutsogolere ndi tochi, tsopano amalowa yekha, ndipo anandiuza kuti mvula ikamagwa sayang'ananso utoto koma timagalasito basi.

Komabe marifulekitawa ali ndi zofooka ziwiri zimene ndaziona ndi maso. Choyamba ndi matope omwe aja, amene amamata pa galasi n'kuuma, moti alonda athu amayenda ndi chidebe ndi nsanza madzulo aliwonse mvula ikagwa. Ntchito yake ndi yochepa, koma ikapanda kuchitika ndalama zonse zapita pachabe. Chachiwiri n'chakuti angapo anamatuka pamene mathiraki amakhotera atalemedwa, pomwe matayala akumbuyo amakhulika cham'mbali. Nditatola limodzi n'kulitembenuza, ndinapeza kuti guluu anangopakidwa pakati, m'mphepete monse muli mbee. Kampaniyo inavomera kuti inalakwitsa ndipo inadzamatanso popanda kutilipiritsa, ngakhale kuti panapita nthawi ndi mafoni ambiri asanatulukire, ndipo pa nthawi yonseyo pokhota penipenipo, pamene timafunitsitsa kuwala, panali mdima.

Pa mtengo, thermoplastic ndi yodula kwambiri poyerekeza ndi penti wamba wa m'zitini amene tinkapaka ndi burashi, koma penti uja ankafufutika dzinja lisanathe, pamene mizere iyi ikadali yokhuthala. Ndikanakhala kuti ndikuyambanso lero ndi ndalama zomwezo, ndikanachepetsa mizere yosalala ya pabwalo loimikapo magalimoto, pamene pali kale magetsi, n'kuwonjezera marifulekita ndi mzere wotukuka mbali yonse ya ngalande. Ndikanayambanso ndakonza malo awiri pamene madzi amadikha, chifukwa chithaphwi chikazama chimamiza ngakhale rifulekita. Tisaiwalenso kuti zonsezi zimabweza kuwala kumene zalandira, kotero galimoto ya nyali zofooka kapena ya magalasi a nyali amene asanduka achikasu ndi ukalamba sipindula kwenikweni, ndipo mizere imaonetsa msewu wokha, osati wakabaza kapena ngolo imene ili pamsewupo yopanda chonyezimira chilichonse.

Kampaniyi ndingaiitanenso, koma pa mgwirizano wolembedwa mosiyana ndi woyamba. Ndingafune kuti alembe mtundu wa timikanda timene adzagwiritse ntchito ndi kunena poyera ngati ndi ta mvula kapena ayi, kuti alonjeze masiku amene adzabwerere rifulekita ikamatuka, ndiponso kuti gawo lomaliza la malipiro lidikire kuyesa kwa usiku. Kuyesako sikufuna makina: muimike galimoto patali pang'ono nyali zili zoyaka, mukhale pampando wa dalaivala, wina akhuthule ndowa ya madzi pamzere ndi pa rifulekita, ndipo muone chimene chikuonekabe madziwo akuyenda komanso nthawi imene mzere ukutenga kuti uyambenso kuwala, mwini kampani ali pomwepo.