Chaka chatha ndikubweza ngongole ya nyumba: masamu a alamu anga sananame

Ena mwa inu mukukumbukira kuti mu 2024 ndinkafuna kukongola K20 miliyoni kubanki kuti ndimange nyumba za lendi za makomo anayi kuno ku Salima, chakufupi ndi Kamuzu Road. Alamu anga, omwe amaphunzitsa masamu kusekondale, anandikhazika pansi pa mtengo wa mango ndi kope la ana asukulu, n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Alamu, nyumbayo izibweretsa maperesenti angati pachaka, nanga banki izitenga angati?"

Ndinakhumudwa tsiku limenelo, sindikubisa. Koma ndinadula mapulani, ndinamanga makomo awiri okha, ndipo ndinakongola K12 miliyoni yomalizira ntchito, yobweza zaka zisanu pa chiwongoladzanja cha maperesenti 30. Musadabwe nacho chiwongoladzanjacho, inali nthawi yomwe Reserve Bank inali itangokweza chake kufika pa maperesenti 26 mu February 2024.

Zimene zinalembedwa m'kope muja ndi zomwe zachitika. Mwezi uliwonse banki imadula K388,000. Pa ndalama ya mwezi woyamba, K300,000 inali chiwongoladzanja chokhachokha, ndipo K88,000 ndi imene inachotsera ngongole. Miyezi 12 yakwana, ndapereka pafupifupi K4.7 miliyoni, koma pepala la kubanki likuti ndikadali ndi K10.8 miliyoni. Ndinaliwerenga kawiri nditaima pakhomo pa banki, thukuta lili kamukamu, mwina chifukwa cha dzuwa la kuno, mwina ayi.

Pomwe tinaphonya tonse awiri ndi pa lendi. Tinawerengera K150,000 pa khomo lililonse, kutanthauza K3.6 miliyoni pachaka, pa nyumba yomwe yandidyera K25 miliyoni pamodzi ndi puloti. Amenewo ndi maperesenti 14, osafika ndi theka lomwe la zimene banki imatenga. Koma ngakhale 14 yomweyo sindinaione. Khomo lina linakhala miyezi itatu lopanda munthu tenanti atasamutsidwira ku Lilongwe. Wina anatsalira mwezi umodzi, ndipo munthu woti mumapemphera naye mpingo umodzi simungamutulutsire katundu panja. Chiswe chinadya mafelemu awiri. Ndinaikitsanso mita yachiwiri ya ESCOM chifukwa mkangano wa mayunitsi unafika poti akazi a matenanti awiriwo sapatsana moni. Nditachotsera zonsezi, m'manja mwanga mwatsala K2.6 miliyoni. Yotsalayo, yoposa K2 miliyoni, yachokera ku malipiro anga ndi geni ya mpunga ya mayi a kunyumba.

Chimodzi chokha chinandikomera, ndipo sindinachiwerengere: simenti ndi malata ndinagula kwacha isanagwe ndi maperesenti 44 mu November 2023. Lero ndalama yomweyo sindingamangire nyumba ngati imeneyi, pomwe ngongole ija ikadali m'makwacha omwewo. Alamu akuti phindu limenelo ndi loona, koma silidyeka pokhapokha nditagulitsa nyumbayo.

Mlungu watha tinatsegulanso kope lija. Tsopano tikuwerengera lendi ya miyezi 10 pachaka, osati 12, ndipo ya mwezi umodzi tikuiika padera kuti ikhale yokonzetsera zowonongeka. Makomo awiri otsala aja adikira, njerwa zake zikadali mu uvuni kuseri kwa nyumba.