Prado kapena Range Rover Sport: yogula ndi iti kuno ku Mzuzu?

Zambiri mwa galimoto zimenezi zimalowera pa Songwe kuchokera ku doko la Dar es Salaam, ndipo msonkho wa MRA sunyengerera iliyonse. Kusiyana kumayambira ponenerera.

Wogulitsa Prado amaumirira, poti akudziwa kuti inu mukachoka, mawa kubwera wina. Wa Range Rover yomwe yatha miyezi ili pa yadi amafewa msanga. Musanatchule mtengo wanu, phatikizani mtengo wa ku Japan kapena ku UK, mayendedwe ndi msonkho, muone zomwe waonjezerapo. Dobadoba nayenso amaikapo yake, ndiye kumanani ndi mwini galimoto.

Msewu wa ku Nyika kudzera ku Rumphi, zonse zimakwera ndithu. Koma sasipenshoni ya mpweya ya Range Rover ikangophwa, mudikira masipeyala ochokera kunja. Prado amakaniko ambiri a ku Luwinga amaidziwa.

Pogulitsanso, Prado anthu amailimbirana. Range Rover mtengo umagwa msanga, ogula amaopa zokonzetsa.

Woyenda kumidzi amene adzagulitsenso, atenge Prado. Range Rover ndi ya bwana woyenda pa tala, wa thumba losaphwa.