Ndalama ya benchi imene sanandiuze

Achinyamata ambiri omaliza digiri ya biology akundilembera pa WhatsApp kufunsa njira yobwerera kuno ku Britain. Abale anga, imvani kaye zimene zinandigwera ine.

Ndinafika mu Seputembala 2024 kudzachita masters ya kafukufuku wa maselo ndi DNA. Ajenti amene anandiyendetsera mapepala ku Lilongwe anandiwerengera fizi, viza ya £490 ndi tikiti ya ndege. Za ndalama ya chipatala yolipira pofunsira viza anangoti £776. Imeneyo ndi ya chaka chimodzi, pomwe viza ya kosi yangayi imapyola miyezi 12, ndiye ndinalipira £1,164. Yotsalayo ndinakongola kwa amalume.

Chondiwawa kwambiri chinali bench fee. Sabata yachiwiri kunabwera bilu ya £4,000, ati ya zogwiritsa ntchito mu labu: ma enzyme a PCR, ma antibody, madzi odyetsera maselo. Inalembedwa kumunsi kwa kalata yondilandira, ndipo ajenti uja anaiwerenga kalatayo ine ndili pompo, osatchulako. Ndalama yake anali atalandira kale.

"Mukakafika mukagwira ntchito, ngongole idzatha," anatero. Bodza. Viza ya wophunzira imalola maola 20 okha pa sabata sukulu ikakhala mkati. Komanso maselo sadikira munthu. Amakhala mu incubator, bokosi lowasunga motentha pa madigiri 37, ndipo masiku awiri kapena atatu alionse uyenera kuwasinthira madzi, kaya ndi Lamulungu. Ndinkagwira usiku kunyumba yosamalira okalamba, m'mawa n'kulowa mu labu manja akunjenjemera ndi tulo. Tsiku lina ndinapeza madzi ofiira aja atasanduka achikasu, ali mbuu. Mabakiteriya anali atalowa. Ntchito ya masabata atatu ndinaithira bleach, misozi ili m'maso.

Mayi mmodzi yekha, wa ofesi ina yotumiza ophunzira, ndiye anandiuza zoona. Anati, "Achimwene, sayansi ya mu labu musapite popanda sikolashipu." Sanandilipiritse ngakhale tambala. Ine ndinkati akundichitira nsanje.

Inu amene mukufuna kugulitsitsa makolo munda chifukwa cha zithunzi za jasi loyera pa Facebook, lekani. Lemberani supavaiza, mphunzitsi amene adzayang'anire kafukufuku wanu, akuyankheni polemba kuti bench fee ndi zingati ndipo alipira ndani. Akazemba funsolo, musatumize kwacha iliyonse. Yesani Commonwealth Scholarship, kapena yambirani ku Blantyre komweko m'malabu ofufuza malungo. Ine amalume sindinamalizebe kuwabwezera.