Bonnie Kate wa Michael Coleman, patapita miyezi ndikumumvera

Nditangogula ma CD awiri a nyimbo za Michael Coleman, katswiri woimba vayolini wa ku Ireland, aja anatulutsa makampani a Gael-Linn ndi Viva Voce kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndinalemba zoyamikira ntchito ya Harry Bradshaw yotsuka mawu a mbale zakale za galamafoni. Mawu amenewo sindikuwabweza. Kaphokoso ka singano kakadalipo, kamamveka ngati usipa ukukazingidwa patali, koma vayolini ili patsogolo ndipo khutu limazolowera msanga. Nyengo yachisanu yonse ya ku Ireland kuno yandipeza ndili nawo ma CD amenewa, ndipo m'kupita kwa nthawi ndaona kuti ndimangobwerera pa nyimbo imodzi, Bonnie Kate.

Coleman anabadwa mu 1891 kufupi ndi Killavil m'boma la Sligo ku Ireland, anapita ku America mu 1914, n'kudzamwalira ku New York mu 1945. Bonnie Kate anaijambula mu 1934 ku kampani ya Decca, ataiphatikiza ndi ina yotchedwa Jenny's Chickens. Ndi nyimbo yovinira ya mtundu wa reel, yazigawo ziwiri, ya mu kiyi ya D. Odziwa mbiri yake amati inachokera ku Scotland, kwa Daniel Dow wa m'zaka za m'ma 1700. Francis O'Neill, mkulu wa apolisi wa ku Chicago uja, anali ataisindikiza kale m'buku lake la nyimbo mu 1903. Choncho Coleman anaipeza ili kale m'manja mwa anthu.

Zimene anachita nayo n'zimene zandisunga miyezi yonseyi. Mbale ya masiku amenewo inkatenga mphindi zitatu zokha mbali imodzi, ndiye munthuyu analibe nthawi yotaya. Ndinakopera nyimboyi pafoni n'kuichedwetsa liwiro kuti ndimve chala chilichonse. Ulendo woyamba amaidutsa moti mutha kuitsatira ndi mluzu. Akabwereranso pachiyambi, malo omwe munamva manotsi awiri mumapezamo atatu akutsetsereka motsatizana, pena chala chapiringiza pa noti imodzi, uta ukudutsa pa nsambo ziwiri osaduka. Wina angaganize kuti akungodzionetsera. Ine sindikumva choncho, chifukwa ngakhale akongoletse bwanji, phazi la wovina silisochera. Iye mwini anali katswiri wovina, ndipo zimamveka.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa pa mbale zina m'gululi: oyimba piyano amene ankamuperekeza. Ena ankangomenya makodi awo osamva komwe vayolini yalowera. Masabata oyamba sindinkasamala, koma ukamvera kawirikawiri zimayamba kukulowa m'mutu. Pamenepo palibe chimene wotsuka mawu akanachita.

Nkhani yaikulu ndinaiona nditayamba kupita ndi vayolini yanga kumene anthu amakumana madzulo n'kumaimba limodzi. Munthu akangoyamba Bonnie Kate, palibe amene amafunsa kuti ikatha tilowa iti. Onse amagwera mu Jenny's Chickens, kiyi n'kusintha kupita ku B, ndendende mmene Coleman anachitira mu 1934. Nyimbo ziwirizi sizinabadwire limodzi, anazikwatitsa ndi munthu mmodzi mu situdiyo ya ku New York, ndipo mpaka lero sizinalekane. Mbale zake, pamodzi ndi za James Morrison ndi Paddy Killoran, omwenso anali a ku Sligo, zinkatumizidwa kwawo ndi abale okagwira ntchito ku America. M'midzi yambiri anyamata anasiya kaimbidwe ka agogo awo n'kuyamba kutsanzira galamafoni. Ndimamukonda Coleman, koma mtima umandipweteka ndikaganiza za mitundu ya Bonnie Kate imene inapita ndi eni ake kumanda popanda woijambula.

Mwayi wake si onse anagonja. John Doherty wa m'boma la Donegal, woimba vayolini komanso wosula zitini woyendayenda amene anamwalira mu 1980, ankaiimba mwa njira ya kwawo. Kumeneko uta umagwira ntchito kuposa zala: pafupifupi noti iliyonse ili ndi kukoka kwakekwake, mawu amatuluka akuthwa, olunjika, ndipo ubale wa Donegal ndi Scotland umamveka poyera. Nditamumvera iyeyu kenako n'kubwerera kwa Coleman, m'pamene ndinazindikira kuti kusalala kuja ndi chisankho cha anthu a ku Sligo, si lamulo la nyimboyo. Pa awiriwa, wa Doherty ndi amene amandidzutsa pampando.

Woimba wa m'boma la Clare ndinamumva pamaso, osati pa chimbale. Anali bambo wachikulire amene anakhala pakona, vayolini ataitsamiritsa pachifuwa m'malo mwa pachibwano. Anaiyamba pang'onopang'ono moti anyamata awiri amene anali okonzeka kuthamanga anatsitsa mauta awo n'kungomvetsera. Pa manotsi ena ankalowa chotsetsereka kuchokera pansi, ndipo nyimbo yachisangalalo ija inakhala ndi kachisoni kena mkati. Atamaliza sanalowe mu Jenny's Chickens. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, imeneyi munaitenga kuti?" Anati kwa oyandikana nawo nyumba, ali mnyamata, ndipo mbale ya Coleman anadzaimva pambuyo pake.

Kwa amene akuphunzira kumene, ma CD amenewa si mphunzitsi wabwino woyamba. Liwiro ndi lalikulu, zokongoletsa n'zambiri, ndipo mukhoza kuloweza maluwa musanadziwe thunthu la nyimbo. Ndi bwino kuyamba mwaitenga kwa munthu wamoyo amene angakuimbireni chigawo chimodzi mobwerezabwereza, kenako Coleman adzakusonyezeni kutalika kwa komwe ingafike. Kwa amene amangofuna kumvera, gulani osakayika, ndipo kabuku ka mbiri yake kamene kali m'katimo muwerenge musanayambe, chifukwa kamathandiza kumva kusiyana kwa zimene anajambula m'zaka za m'ma 1920 ndi za m'ma 1930.

Chimene ma CD awa sangakupatseni ndi madera enawo. Pa zimenezo ndayamba kupita ku Irish Traditional Music Archive, pa Merrion Square mu Dublin, komwe amasunga matepi ojambulidwa m'makhitchini a kumidzi. Panopa ndikufufuza mmene oimba zitoliro ankaiimbira Bonnie Kate, chifukwa chida chopanda uta chimakakamiza mwini wake kupuma pamalo amene woimba vayolini sapumapo, ndipo malo amenewo amasintha kumene wovina amaponda mwamphamvu.