Chaka chatha chichitireni opaleshoni ya mawere: malonjezo aja afika pati?

Amayi anzanga amene mwakhala mukufunsa kuti zinatha bwanji, ndachedwa dala kuyankha. Bere la miyezi iwiri chichitireni opaleshoni silinena zoona: limakhala lotupa, lolimba, lili m'mwambamwamba. Zithunzi zimene anandionetsa pokambirana mtengo sizinalembedwe kuti zinajambulidwa patapita nthawi yaitali bwanji, ndipo lero ndikamaziyang'ana ndimaona kuti ambiri mwa mawere amene aja anali asanaphwe.

Opaleshoni yanga inachitikira pa kiliniki ina kuno ku Johannesburg. Anakweza mawere amene anagwa nditayamwitsa, n'kuikamo ma implant, timatumba ta silikoni tokulitsa bere, pansi pa mnofu wa pachifuwa. Ndalama zonse zinachoka m'thumba mwanga, poti inshuwalansi ya zaumoyo silipira zodzikongoletsa. Mawere ali bwino ndipo zovala zikundikhala. Koma ubwino umenewu wachokera m'manja mwa dokotala ndi kupita kwa miyezi, osati m'mayina okometsera amene anadzaza kabuku kawo kotsatsira malonda.

Loyamba linali la "kuchira m'maola 24". Chimene chilipo n'chakuti dokotala amasamala kuti magazi asatayike kwambiri, ndipo mawa lake amakuuza kuti uzikweza manja pang'onopang'ono. Ndinakwezadi. Koma kuchira kwa iwo ndi kudzuka n'kukafika kubafa wekha. Kunyamula ndowa, kubereka mwana kumsana, kugona chammbali, zonsezi zinadikira masabata angapo, ndipo pepala la malangizo limene anandipatsa potuluka linanenanso zomwezo, mosemphana ndi kabuku kawo komwe.

Pa chipsera m'pamene ndili ndi mawu ambiri. Ankati "chobisika". Opaleshoni yokweza bere imadula kuzungulira pakuda pa nsonga n'kutsika mzere mpaka pansi pa bere, ndiye chingabisike bwanji? Chimene angachite n'kusoka mwaluso, zotsalazo ndi khungu lako. Ife akhungu lakuda zipsera zathu zimakonda kuda kuposa khungu lozungulira, ndipo zotukuka zija, zimene madokotala amati keloid, zimatigwira kawirikawiri kuposa azungu. Mwa zithunzi zonse anandionetsa, za mayi wakuda zinali zowerengeka, komanso zojambulidwa chapatali. Chipsera changa cha kumanja chinazilala bwino. Cha kumanzere chinayamba kutukuka ndi kuyabwa cha m'mwezi wachitatu, moti ndakhala ndikumata tepi ya silikoni ndi kubayitsa jakisoni wa steroid pachipserapo, wolipira padera. Chatsika, koma chikuonekabe. Ngati munatupapo pakhutu mutaboola ndolo, uzani dokotala musanasaine chilichonse, ndipo muumirire kuona zithunzi za chaka chathunthu za munthu wa khungu ngati lanu.

Ankafunanso kundigulitsa chimene amachitcha internal bra, kaukonde kosokerera m'kati kuti bere lisagwenso. Dzina lokoma, mtengo wowonjezera. Ndinakana nditawerenga kuti bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, silinavomereze ukonde uliwonse wotere kuti uzigwiritsidwa ntchito pa opaleshoni ya mawere. Anga atsikako pang'ono, ndipo kunena zoona m'pamene anayamba kuoneka ngati a munthu. Kamisolo ndimavalabe.

Nanga "chitsimikizo cha moyo wonse"? Pepala langa limati implant ikaphulika adzandipatsa ina kwaulere. Za dokotala, chipinda cha opaleshoni ndi wogonetsa tulo amathandizako pang'ono, kwa zaka zowerengeka basi. FDA yomweyo imanena poyera kuti ma implant si a moyo wonse, ndipo kuyambira 2021 inalamula chenjezo lalikulu pa mapepala ake a malangizo komanso mndandanda wa zoopsa umene wodwala ayenera kuwerenga ndi kusaina. Kwa a silikoni imalangiza sikani kapena MRI pakatha zaka 5 mpaka 6, kenaka pa zaka 2 kapena 3 zilizonse, chifukwa amatha kung'ambika iwe osamva kanthu. Palinso vuto la mnofu umene thupi limakutira nawo implant, umene kwa ena umauma n'kufinya bere mpaka kupweteka. Ine silinandigwere, koma limatha kubwera patapita zaka.

Chimene chimandichititsa kukayikira mawu oti "zatsopano" ndi mbiri ya malonda amenewa. Mu 2010 dziko la France linaletsa ma implant a kampani ya PIP zitadziwika kuti munali silikoni wa m'mafakitale, ndipo mwini wake, Jean-Claude Mas, anagamulidwa zaka 4 m'ndende mu 2013. Mu 2019 kampani ya Allergan inachotsa pamsika ma implant ake okhakhala a Biocell chifukwa cha khansa yosowa yotchedwa BIA-ALCL, pomwe kukhakhalako kunkatamandidwa kuti kumathandiza implant kukhazikika. N'chifukwa chake kakhadi kolembedwa mtundu ndi nambala ya anga ndimakasunga pamodzi ndi pasipoti. Amene muli kuno, onaninso m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala ku South Africa, ngati dokotalayo analembetsedwa monga katswiri wa opaleshoni zoterezi, chifukwa chikwangwani cha pakhomo aliyense angalembe.

Chinthu chimodzi chimene kabuku kaja sikanatchule n'komwe ndi dzanzi. Nsonga ya kumanzere mpaka pano simva bwino kukhudza. Dokotala akuti mitsempha imatha kutenga zaka ziwiri, ndipo kwa ena sibwerera konse.